NCHITO IMODZI PA NTHAWI IMODZI PAFUPI NDI MAGETSI

Mau awa anakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Malimidwe, ndipo tawasindikiza kuti mafumu awawerengere anthu ao pa bwalo.

  Lero sindinena za mbeu kapena za manyowa iai. Ndirikufuna kunena za magetsi, ndiponso za khalidwe lina la ife alimi limene liri labwino kumunda, koma pafupi ndi waya wa magetsi limapha munthu. Khalidwe lake ndilo kugwira nchito ziwiri kapena zitatu pa nthawi imodzi.

Mlimi ndiye munthu wa manja ambiri. Mai alikupalira chimanga, mwana ali kumbuyo, maso ali pa mbuzi kuti zingalowe m'munda mwa eni ake. Bambo alikusoka fodya m'chigafa, alikucheza ndi mlendo, ndipo mumtima alikuwerengera ngongole ya feteleza. Palibe wonena kuti alikulakwa, pakuti nchito ya pamudzi ndi yambiri ndipo dzuwa silidikira munthu. Khasu likaphonya ndi kudula phesi limodzi, mwini wake angodandaula pang'ono napitirira. Koma magetsi sapatsa munthu mpata wa kudandaula ndi kuyambanso.

Makolo athu anatisiyira mwambo wa moto, wa ng'ona ndi wa njoka, kotero kuti mwana wa zaka zisanu adziwa kale kuti ku una sapisako dzanja. Mwambo wa magetsi sanatisiyire, chifukwa kumudzi kunalibe. Makina a ku Nkula pa mtsinje wa Shire anayamba kupanga magetsi m'chaka cha 1966, ndipo kwa zaka zambiri magetsi anali a m'matauni ndi a m'maesiteti. Nchito ya Boma ya kufikitsa magetsi kumidzi, imene timaitcha MAREP, inayamba m'chaka cha 1980. Lero mapolo alikudutsa m'minda mwathu, zigayo zambiri zaleka dizilo, ndipo mapampu alikulira m'madimba. Tsono mwambo umenewu tiyenera kuupanga ife tomwe.

Poyamba timvetse ukali wa chinthu chimenechi. Magetsi olowa m'nyumba ali ndi mphamvu ya mavolti 230. Mota ya chigayo imadya mavolti 400. Mawaya opanda chikopa amene muwaona pamwamba pa mapolo, opita ku thiransifoma ya pa msika, amanyamula mavolti 11,000 kapena 33,000. Koma chimene chimapha munthu si nambala yaikulu yokha iai, koma kuchuluka kwa magetsi amene adutsa m'thupi mwake, ndipo amenewo safunika ambiri. Anthu odziwa amawayesa ndi muyeso wochedwa miliampeya. Babu lakale lija la mawati 60 limakoka mamiliampeya ngati 260. Tsono tamverani: mamiliampeya 10 kapena 15 okha akhoza kuumitsa dzanja kuti munthu alephere kutaya waya amene wagwira, chifukwa minofu yofumbata iri ndi mphamvu koposa minofu yotambasula zala. Mamiliampeya 50 akadutsa pa chifuwa akhoza kusokoneza kugunda kwa mtima. Ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a magetsi oyatsa babu limodzi likwanira kupha bambo wamphamvu. Khungu louma limatchinga ndithu, koma khungu la thukuta kapena mapazi oima m'matope satchinga konse, ndipo mlimi ndani amene amagwira nchito wopanda thukuta?

Chinanso nchakuti waya wamoyo ndi waya wakufa aoneka chimodzimodzi. Moto uli ndi utsi, njoka imalira, njuchi zimamveka. Waya uli chete. Chimene chimauza munthu kuti waya uyu ndi wakufa ndi chikumbumtima chake chokha, chakuti "ndazimitsa". Ndipo chikumbumtima chimenechi ndicho chimasokonezeka munthu akagawa maganizo ake pawiri.

Kodi munawerengapo matumba a chimanga pokweza pa lole, wina nakupatsani moni muli pakati? Mwayankha moni bwino, koma pobwerera simudziwa ngati munali pa 37 kapena pa 47. Mutu wa munthu umatero. Ife timaganiza kuti tirikuchita zinthu ziwiri pamodzi, koma choona nchakuti mutu umalumpha, uku pang'ono, uku pang'ono, ndipo pa kulumpha kulikonse umataya kanthu. Choopsya kwambiri ndi ichi: munthu wodukizidwa pakati pa nchito kawirikawiri amabwerera ali wotsimikiza kuti wachita chinthu chimene anangoganiza kuchita. Anali m'njira kupita ku swichi, wina namuitana, ndipo mumtima mwake kupita kuja kwasanduka kuzimitsa. Sanama, ndipo si chitsiru. Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa, ndipo ananena zoona.

Tiyeni tipite ku chigayo, pakuti kumeneko ndiko ndirikuopa koposa. Tiyerekeze tsiku la Loweruka. Amai afola ndi madengu ao, wina wa mphale, wina wa mgaiwa, wina alikufunsa mtengo wa gaga. Mnyamata wa pa chigayo ali yekha. Iye yemweyo alikuyesa chimanga, alikulandira ndalama, alikubweza chenji, ndipo foni iri m'thumba. Mwadzidzidzi magetsi azima. Amai adandaula, koma mnyamata akondwa pang'ono, chifukwa sefa inang'ambika dzulo ndipo lamba walekera. Anena mumtima kuti, "Popeza magetsi palibe, ndikonzeretu." Alikupita ku swichi yaikulu ya pakhoma kuti aigwetse, ndipo pomwepo mai wina amuitana kuti, "Achimwene, chenji changa chija bwanji?" Apatuka, abweza chenji, foni ilira, ndi mwini chigayo alikufunsa ndalama za dzulo. Atatha kulankhula atenga sipanala natsegula chigayo. Swichi ija iri m'mwamba monga inaliri, koma iye alikukhulupirira kuti waigwetsa, ndipo palibe chomutsutsa chifukwa m'nyumba monse muli zii.

Magetsi pobwera sagogoda pa chitseko. Ife a dziko lino tazolowera kuzima kwa magetsi. M'zaka za 2016 ndi 2017 madzi anachepa m'nyanja ndi mu Shire, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Mu January 2022 namondwe wochedwa Ana anaononga damu la ku Kapichira, ndipo makina a kumeneko anakhala osagwira nchito koposa chaka. Kuzolowera kumeneku kwatiphunzitsa bodza lakuti magetsi akazima waya wafa. Waya sunafe, uli m'tulo chabe, ndipo woudzutsa ali kutali, sakukuonani.

Ena anganene kuti, "Nanga sitata ya chigayo si imadzimasula yokha magetsi akazima?" Inde, sitata yabwino imatero, ndipo mota siiyamba yokha kufikira munthu atadina batani. Koma apa pali zinthu ziwiri. Choyamba, mawaya olowa m'bokosi la sitata amakhala amoyo pomwe magetsi abwerera, ngakhale mota iri chete, ndipo wogwira m'bokosimo agwidwa. Chachiwiri, m'zigayo zina sitata inafa kale, ndipo anthu anaipanikiza ndi kamtengo kapena kulumikiza mawaya molambalala. Chigayo chotere chimadzuka chokha, nyundo zake nkuyamba kuzungulira dzanja la munthu liri m'kati. Pali ndi chachitatu chimene anthu saganiza: mwana kapena mai wotopa ndi kudikira, poona babu layaka, akhoza kudina batani kuti athandize, osadziwa kuti mnyamata wagona kuseri kwa mota.

Tsono mwambo wa pa chigayo ukhale wotere. Munthu asanagwire sipanala, aleke zonse. Atseke bokosi la ndalama, auze amai kuti adikire panja, ndipo foni aiike patali, osati m'thumba. Apite ku swichi yaikulu osapatuka, ngakhale amuitane mfumu. A mfumu mundikhululukire, koma moni wanu adzayankha pambuyo pake. Aigwetse, aitseke ndi loko, kiyi aike m'thumba mwake iye mwini. Loko wa pa sitolo ndi wotsika mtengo kuposa bokosi la maliro. Ngati swichi iribe pokolowekera loko, mwini chigayo aitane wodziwa kuti aikepo yokhala napo. Ngati okonza ali awiri, aliyense akhale ndi loko wake, kuti wina asayatse mnzake asanaturuke. Atatero adine batani loyatsira kuti aone kuti mota siiyamba, adikire kufikira zonse zaleka kuzungulira, ndipo pamenepo ndiye atsegule.

Koma chenjerani ndi ichi, chifukwa ambiri sachidziwa. Pa nthawi imene magetsi azima, kuyesa konse kumanama. Mukadina batani, mota siiyamba. Mukagwiritsa nchito tesita, siiyaka. Zimenezi sizisonyeza kuti mwazimitsa iai, zisonyeza kuti magetsi sanabwere. Pa nthawi yotere mboni yanu ndi imodzi yokha: maso anu aone swichi iri pansi ndi loko ali pomwepo, dzanja lanu likhudze kiyi m'thumba.

Nanga wina akakudukizani muli pakati? Zimenezi zidzachitika, pakuti ndife anthu. Lamulo lake nlapafupi: musapitirire pamene munalekeza, yambiraninso pa chiyambi. Bwererani ku swichi mukaione ndi maso. Mwapita kukadya nsima, mukaionenso. Mwayankha foni, mukaionenso. Ndi mapazi khumi chabe. Ndipo nchito ya m'kati mwa bokosi la sitata kapena ya mawaya a mota si ya mnyamata wogaya konse; imeneyo ndi ya munthu wophunzira, wokhala ndi chiphaso cha bungwe la MERA.

Kwa inu eni zigayo ndiri ndi mau owawa pang'ono. Munthu mmodzi sangakhale wogaya, wosunga ndalama ndi makaniko pa ola limodzi. Mukam'patsa nchito zonse zitatu, ndi kum'kalipira chigayo chikaima mphindi khumi, ndinu amene mulikugawa maganizo ake. Tsiku la anthu ambiri ikani wachiwiri wa kulandira ndalama, ndipo kusintha sefa ndi kumanga lamba kuchitike m'mamawa anthu asanabwere.

Tiyeni tsopano tituruke panja, tiyang'ane kumwamba. Mawaya a pa mapolo aja alibe chikopa, ndipo magetsi a mavolti 11,000 akhoza kulumpha mpata kufikira chitsulo chisanakhudze waya. Ngozi yake imabwera motere: munthu wanyamula paipi ya mthirira ya mamita 6, maso ali pansi kupenya mizere kuti asaponde mbeu, pakamwa alikukangana ndi mnzake za nthawi ya madzi. Afuna kukhuthula matope a m'paipimo, naiimika chiriri. Sanayang'ane kumwamba chifukwa maso anali ndi nchito ina. Chimodzimodzi ndi makwerero achitsulo, lata pofolera nyumba, mlongoti wa wailesi ya kanema, kapena nsungwi yaiwisi yothyolera mango. Musanyengedwe kuti mtengo sudutsa magetsi. Mtengo wauwisi kapena wonyowa umadutsa ndithu pa mphamvu yotere. Chinthu chachitali chinyamulidwe chogona, anthu awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo macheza ayambe mutadutsa mawaya. Mapaipi, milu ya mapesi, nkhokwe ndi zigafa zisakhale pansi pa mawaya, chifukwa pamene pali katundu ndi pamene anthu amaimika zinthu.

Podula mtengo wa bulugamu woyandikana ndi mawaya, wodulayo maso ake ali pa nkhwangwa, ndipo nkoyenera kutero. Sangayang'anenso nsonga ya mtengo. Ngati mtengo utalika kotero kuti pakugwa ungafike pa waya, musaudule nokha. Kauzeni a ESCOM. Ngolo kapena thirakitala yosenza katundu wamtali podutsa pansi pa mawaya, pakhale munthu mmodzi pansi amene nchito yake ndi kupenya kumwamba basi, osatsegula chipata, osakusa ng'ombe.

Za mapampu a m'madimba ndinena mwachidule, pakuti mwambo wake ndi womwewo, koma pano pali madzi, ndipo madzi achotsa chitetezo chonse cha khungu. Musatukule pampu kapena kuchotsa zinyalala pa kamwa pake iri yolumikizidwa, ngakhale yaima. Zulani pulagi poyamba, manja ali ouma, mutaima pouma. Chingwe cholumikiza ndi pulasitiki wa shuga chisagone m'ngalande. Mota zina zazing'ono ziri ndi kachibotolo kochedwa kapasita, kamene kamasunga magetsi kanthawi mutazimitsa kale, tsono musafulumire kupisamo zala. Ndipo a mapampu a sola kumbukirani kuti dzuwa liribe swichi. Malinga kunja kwawala, mawaya ochokera ku mapanelo ali amoyo, ndipo mapanelo ambiri olumikizidwa mondondozana amafika mavolti mazana angapo. Amene ali ndi jenereta asailumikize ku mawaya a m'nyumba popanda swichi yosiyanitsa, chifukwa magetsi ake amabwerera m'mbuyo kudzera pa thiransifoma nakapha munthu wokonza mawaya pa polo.

Nyengo ya mvula ndi mphepo mapolo amagwa. Waya wogwa pansi muuyese wamoyo nthawi zonse, ngakhale suthetheka, ngakhale mudzi wonse uli mu mdima, pakuti ukhoza kuyatsidwanso kuchokera kutali. Magetsi ake amalowa m'nthaka nafalikira mozungulira monga mafunde a mwala woponyedwa m'thamanda, amphamvu pakati, ofooka kunja. Munthu akatambasula mwendo, phazi lina liri pa mphamvu yaikulu, lina pa yaing'ono, ndipo magetsi akwera mwendo uwu natsika mwendo uwo. Nchifukwa chake ng'ombe imafa msanga kuposa munthu pamalo otere, popeza miyendo yake yakutsogolo ndi yakumbuyo iri motalikirana. Khalani kutali mamita 10 kapena kuposa. Mukazindikira kuti muli kale pafupi, musathamange. Phatikizani mapazi ndi kuwakhwekhwereza pang'onopang'ono osawatukula. Abusa a ng'ombe auzidwe mau awa bwino lomwe, chifukwa mwana akaona ng'ombe ya atate wake yagwa, mtima wake wonse uli pa ng'ombe ndi pa chikwapu cha madzulo, ndipo waya sauona. Muwauze ana anu kuti ng'ombe yogwa pafupi ndi polo simudzawafunsa mlandu. Woyendetsa thirakitala kapena lole imene yakhudza waya akhale momwemo ndi kuitana anthu aime patali. Aturuke pokhapokha moto wayamba, ndipo alumphe mapazi pamodzi, osagwira galimoto ndi nthaka pa nthawi imodzi.

Ngozi ikachitika, pamenepo ndiye maganizo amabalalika koposa. Mai aona mwana wake wakakamira pa waya, nathamanga kukam'koka, ndipo maliro akhala awiri. Pano nchito yoyamba ndi imodzi: zimitsani. Gwetsani swichi yaikulu kapena zulani pulagi. Ngati ndi magetsi a m'nyumba ndipo swichi iri kutali, imani pa thabwa louma ndi kukankha wayayo ndi mtengo wouma gwa. Koma ngati ndi waya wa pa mapolo, palibe mtengo umene ungakutetezeni. Letsani anthu kuyandikira, itanani a ESCOM, ndipo dikirani kufikira iwo atanena kuti azimitsa. Nkowawa kuima ndi kupenya, ndidziwa, koma palibe njira ina.

Munthu atachotsedwa pa magetsi, onani ngati alikupuma. Ngati sapuma ndipo sayankha, m'gonekeni chagada pamalo olimba, ikani manja anu awiri pakati pa chifuwa chake, ndi kukanikiza mwamphamvu kuti chifuwa chilowe ngati masentimita 5, nthawi 100 kufikira 120 pa mphindi imodzi, osaleka. Wokanikizayo asachite kanthu kena. Wina ndiye afune galimoto, wina aimbe foni, wina aletse khamu la anthu. Ndipo potuma tchulani dzina la munthu, chifukwa mukangofuula kuti "wina aitane galimoto" aliyense ayesa kuti mnzake wapita. Pamene papsya thiranipo madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, osapakapo mafuta, dothi kapena mankhwala a zitsamba. Musam'mwetse kanthu asanatsitsimuke bwino. Ndipo ngakhale adzuke ndi kuseka, apite ku chipatala tsiku lomwelo, pakuti magetsi amaotcha m'kati mwa thupi mosaoneka, ndipo mtima ukhoza kubvuta pambuyo pake.

Inu mafumu, mbali yanu ndi iyi. Pogawa malo a nyumba, a chigafa kapena a msika, yambani mwayang'ana kumwamba, ndipo pansi pa mawaya musagawepo. Yendani ku chigayo cha m'mudzi mwanu mukafunse kuti loko wa pa swichi ali kuti. Simufunika sukulu ya magetsi kuti muone loko. Nambala ya foni ya ofesi ya ESCOM ya kufupi ndi kwanu ilembedwe pa khoma la chigayo, pa sukulu ndi pa nyumba yanu. Polo likapendekeka kapena waya ukatsika, tumani uthenga tsiku lomwelo, ndipo ikani munthu wamkulu kulondera kuti ana opita ku sukulu alambalale. Pa msonkhano wa mudzi nenani poyera kuti munthu amene ali pa makwerero kapena wapisa manja m'makina sapatsidwa moni, ndipo iye akapanda kuyankha si mwano. Kwathu kuno kusayankha moni ndi mlandu, tsono mau amenewa ayenera kuchokera pakamwa panu kuti anthu awalandire.

Amene ali ndi mafunso pa za mapampu a mthirira akaonane ndi mlangizi wa dera lao. Sabata ya mawa pa nthawi yomwe ino tidzakamba za kasungidwe ka chimanga m'nkhokwe ndi m'matumba.